Ankhoswe Ophunzira Jenda

1.
Ukuphunzira chiyani kuyunivesiteko?
Jenda.
Ayi, tikufunsa maphunziro ake enieniwo.
Jenda.
Sungani wayankha funso limeneli kumaliro, kutchalitchi, m'minibasi ya ku Dedza, ngakhale pamzere wa kuchigayo. Chaka chachiwiri chino. Amayankha akuyang'ana nsapato zake.

2.
Zimene anthu a kwawo amati ndiye jenda:
amuna kuchapa matewera
mabungwe a magalimoto oyera
akazi ovala mathalauzi
chimene chinathetsa banja la aphunzitsi a kupulayimale
chimene akutayira nthawi Sungani, mwamuna wathunthu, pomwe masamu anakhoza bwinobwino

3.
M'kalasi muli atsikana makumi atatu ndi anyamata anayi. Mphunzitsi wawo, Mayi Kaliza, amati muno aliyense alankhule. Akaloza Sungani, mawu amamukhala pakhosi ngati mbatata yodya popanda madzi.
Kulemba mumalemba bwino, a Sungani, koma pakamwa munasiya kuti?
Kalasi imaseka. Iye amawerenga maina amene ena anakanda padesiki.

4.
Lachitatu, foni. Amayi.
Ubwere Loweruka. Alamu ako abweranso.
Alamu akewo ndi a Dafuleni, amuna awo a Nasitanzia, achemwali ake a Sungani, mkamwini amene amasowa nthawi younga mizere n'kutulukira chimanga chikalowa m'nkhokwe. Ulendo uno abwera ndi ankhoswe awo, akufuna kulowanso m'nyumba.
Ndiye ine ndikatani, amayi?
Ndiwe ankhoswe. Amalume ako anatisiya, mbumba ndi yako.
Amalume aang'ono alipo, a Fulatila.
Ndinanena zomwezo. Achemwali ako akana. Akuti abwere Sungani, amaphunzira jenda.

5.
Katatu mlandu womwewu unakambidwa amalume aakulu ali moyo, katatu anakhala pampando wawo wa ndalema patsinde pa mpapaya n'kunena kuti banja ndi kupirira, mkamwini sapirikitsidwa ngati nkhuku ya eni, ana akufuna bambo, ndipo katatu a Nasitanzia anakhala pamphasa atawerama, ulendo wachiwiri diso lili lotupa, osafunsidwa kanthu, pakuti pamlandu wa banja amalankhula ndi ankhoswe ndipo mkazi amamva nkhani yake yomwe ngati ya munthu wa kutsidya, kenako ankhoswe a mbali zonse amagwirana chanza, a Dafuleni n'kulowetsa njinga yawo m'nyumba

Katatu.

6.
Masiku awiri mulaibulale. Mabuku onse ali m'Chingerezi, a Dafuleni analekezera Sitandade 5. Sungani akumasulira, akufufuta, akumasuliranso. Masamba anayi:
za ntchito imene mkazi amagwira koma siwerengedwa
za nkhanza za m'banja
za malo, ndi mwini wake
za ufulu wa munthu wonena kuti ayi
Mnzake wa m'chipinda, wa zaumisiri, wasuzumira.
Ukukathetsa banja ndi notsi, aise? Iwe amene sunafunsirepo ngakhale mtsikana mmodzi?
Sungani watuluka. Kuseri kwa hositelo wawerengera mapepala ake zovala za pachingwe. Kwa zovala mawu amatuluka bwino.

7.
Loweruka m'mawa. A Nasitanzia akusesa pansi pa mpapaya, mwana ali kumsana.
Wafika, achimwene anga a jenda. Wadya?
Achemwali, ndalemba zokanena. Ndikuwerengereni mumve.
Sunga.
N'zazifupi.
Ndati sunga. Malaya ako ali bwino. Ukakhale pampando wa amalume uja, basi.
Masiku awiri, masamba anayi, minibasi ziwiri, ndipo mwini nkhani sakufuna kumva ngakhale mzere umodzi. Sungani wabweza mapepala m'thumba la malaya. 

8.
A Dafuleni akhala pampando, miyendo chopingasa, foni m'manja. Pambali pawo a Chimpeni, ankhoswe awo, bambo a jekete lakuda, aimirira ngakhale palibe wawauza kuti aimirire

mwamuna ndi kabudula amathera moyenda, banja ndi anthu awiri wachitatu ndi kapasule, mano ndi lilime amalumana koma amagona m'nyumba imodzi, mwana wathuyu sanathawe anangopita kukasakasaka, kumene anali ife sitifunsa chifukwa wabwera ndi miyendo yake, ndipo malemu a Sikiliya, amalume anu aja, Mulungu awasunge, anali munthu womvetsa, nkhani ngati iyi sankaichedwetsa

Akhala pansi. Atembenukira kwa Sungani.
Tamva kuti ankhoswe atsopano ndi a kuyunivesite. A jenda. Tiyeni bwana, tiphunzitseni.

9.
Mapepala.
Ali m'thumba. Dzanja lafika. Latulutsa.
Mzere woyamba akuuona: Makolo anga nonse, zikomo.
Wauwerenga mumtima, kawiri.
Amayi akhosomola. Tambala wadutsa pakati pa anthu osafulumira. A Dafuleni ayika foni pabondo, akumwetulira. Thukuta lagwera pa liwu loti ufulu.
Nthawi ikupita, bwana, atero a Chimpeni.
Chete.

10.
Ankhoswe anga akhala chete, ndiye kuti andipatsa mpata.
Ndi a Nasitanzia. Mutu adzutsa.
Aa, mayi, dikirani, atero a Chimpeni. Ankhoswe, mukulola zimenezi?
Sungani akuyang'ana pansi.
Mwaona, alola, atero a Nasitanzia, ndipo ayamba kuwerenga ndi zala:
mizere ya chaka chatha, ndekha
ya chaka chinacho, ndekha, ndili ndi pakati
njerwa za nyumba iyi, ine ndi amayi
mwana atagonekedwa kuchipatala, ndekha
diso ili, iwo
Munda ndi wa amayi anga. Zovala zawo zili m'thumba kuseri kwa chitseko kuyambira Juni. Sindikuwafunanso.
A Dafuleni aimirira. Iwe Sungani, alamu, mlangize mlongo wakoyu!
Ankhoswe, a Chimpeni afewetsa mawu, inu ndi ine tigwirane chanza, ana alowe m'nyumba. Mutani?
Chanza cha a Chimpeni chakhala m'malere. Popanda chanza cha ankhoswe a kuchikazi, mkamwini salowa m'nyumba, ndipo aliyense pabwalopo akudziwa. Manja a Sungani agwira mapepala, onse awiri.
Dzuwa lisanapendeke, thumba lamangidwa pakaliyala wa njinga ya a Dafuleni.

11.
Lamulungu. Njira ya kusiteji, achemwali akumuperekeza.
Zaka ziwiri kuyunivesite. Amaphunzira jenda. Masamba anayi. Amaphunzira jenda. Mudzi wonse wamva kale kuti ankhoswe anauma pakamwa ngati mwana wogwidwa ndi ndiwo m'manja. Akafika akauza Mayi Kaliza kuti amuchotse m'kaundula, akalembetse masamu, kumene munthu amakhoza osayankhula.
Achemwali, pepani. Ndakuchititsani manyazi. Munandidalira.

12.
Iwe Sungani, taima. Jenda yakoyo ine sindiidziwa, kaya imadyedwa kaya imavalidwa. Ndinangoitchula kuti amayi asiye kukakamira a Fulatila. Akanabwera amenewo akanalankhula maola awiri, miyambi yokhayokha, n'kugwirana chanza ndi a Chimpeni, ine lero n'kuchapanso malaya a Dafuleni. Sabata yonse ndinakhala ndikuwerenga amuna a pabanja pathu mmodzimmodzi, ndani angakhale pampando uja osatsegula pakamwa, ndani angaone chanza chikubwera osachilandira. Ndinapeza iwe wekha. Chimodzi chokha ndinkaopa, ndipo utatulutsa mapepala aja mtima unandigunda: ndimati mwina kusukuluko anakuphunzitsa kulankhula.