Chitseko cha Manda a ku Makli

Mvula itayambanso masana aja, Wazeeran mzamba anafika pa manda a mfumu ali wefuwefu, mpango utamatirira kumutu. Dhani Bakhsh, mlonda wa mandawo, anamuona akadali patali.

Chisefukireni mtsinje wa Indus, anthu a m'midzi ya kumunsi anali atathawira pa chitunda cha Makli. Anamanga zisakasa pakati pa ziliza za miyala yosemedwa, njati zawo zamkaka atazimangirira ku mitengo yaminga. Nyumba zikuluzikulu zomwe munagona mafumu akale ndizo zinali zokhoma.

Wazeeran anati mtsikana wina, Sassui, matenda amuyamba, ndipo chisakasa chake chasasuka ndi mphepo. Mimbayi inali yoyamba kwa Sassui. Mwamuna wake anabwerera kumudzi pa bwato kukafuna bambo ake okalamba, mpaka lero zii. Zomunyamula kupita kuchipatala zinali zitachedwa kale, choncho mzambayo anapempha kuti awatsegulire nyumba ya manda a mfumuyo.

"Achemwali, sindikukana chifukwa cha nkhanza," anatero Dhani Bakhsh. "Denga lija lang'aluka. Dzana lomweli njerwa zinagwa ndili momwemo. Akuluakulu anga anati ngakhale mphaka asalowe."

"Mphakayo ali ndi pakati?"

Mlondayo anayang'ana kiyi m'dzanja lake, kenako anayang'ana kumene amayi anayi ankabwera atanyamula Sassui pa kama wa zingwe, atamufunditsa pepala la pulasitiki. Mtsikanayo sankalira. Ankangoluma mpango, zala zitagwira thabwa la kamayo kuti gwa.

"Denga likamugwera ndidzanena chiyani kwa mwamuna wake?" anafunsa mlondayo.

"Nanga akafera pamatope pano mudzanena chiyani? Mapanga awiri avumbwitsa, achimwene. Sankhani limodzi."

Dhani Bakhsh anatsegula. Anawalozera ngodya ya kumadzulo, kutali ndi mng'alu, kuseri kwa mwala wa mfumu. Apongozi ake aakazi a Sassui anaima pakhomo n'kunena kuti mdzukulu wawo sangabadwire pakati pa akufa. Wazeeran anawauza kuti akufawo agona zaka mazanamazana osatsina munthu, ndipo anawakokera mkati.

Dhani Bakhsh anatsala panja, msana atalozetsa kuchitseko. Mvula inkamuyenderera m'khosi. Bingu likagunda, ankatchera khutu kudenga, milomo ikutchula dzina la Mulungu. Nthawi ina anamva chinthu chikugwa mkatimo, n'kutembenukira kuchitseko. Mayi wina anasuzumira n'kumuuza kuti ndi beseni chabe. Nthawi ya swala, pemphero la Asilamu, inakwana, koma anaopa kuchoka.

Mvula itayamba kuchepa, munamveka kulira kwa khanda, kotsika ngati kwa kamwana ka mbuzi.

Patapita kanthawi Wazeeran anatuluka atafukata kamtsikana m'nsalu yofiirira. Anati mayi wake wataya magazi koma ali moyo, ndipo sayenera kusunthidwa mpaka mawa. Mawu akuti mawa anamulemera mlondayo. Anadzutsa maso kudenga, kumene madzi ankatsikabe mumng'alu muja.

"Palibe mwamuna wa banja lawo pano," anatero mzambayo. "Mawu a azana, oitanira anthu ku swala, muuzeni khandali m'khutu ndinu."

Dhani Bakhsh anapukuta manja pa malaya ake onyowa, nalandira mwanayo. Anawerama pa khutu lakumanja. Ananong'oneza mawuwo mpaka kumapeto.

Atamubweza, anapita kukabwereka nsungwi zazitali kwa anthu a zisakasa, n'kuyamba kumanga chitetezo pamwamba pa ngodya imene Sassui anagona.