Mwendo Umene Ndinakana Kuutikita

Ntchito yanga ndi yotikita minofu. Chipinda changa chili pamwamba pa sitolo ya penti, ndipo muli bedi lopapatiza lokhala ndi bowo poika nkhope, matawulo, botolo la mafuta ndi fani yolira ngati ili ndi chifuwa. Amene amabwera ndi anthu otopa. Pali telala wina amene khosi limamuuma gwa chifukwa choweramira makina, koma akachoka pano amacheuka bwinobwino n'kukagona tulo tabwino. Pali anamwino odandaula msana, aphunzitsi, ndi wapolisi mmodzi amene amayamba mkonono ndisanafike n'komwe pamapewa.

Bambo anga okha ndi amene ntchitoyi sankaiwerengera. Anayendetsa malole zaka makumi atatu, ndipo kwa iwo ntchito yeniyeni ndi imene imasiya girisi m'zikhadabo. Anthu akawafunsa za ine ankangoti, "Amapaka anthu mafuta," n'kusintha nkhani. Zinkandipweteka, sindinama. Zaka zisanu ndi ziwiri sanapondepo pakhomo la chipinda changa.

Ndiye Lachinayi lina masana, ndikupinda matawulo, ndinamva munthu akukwera masitepe pang'onopang'ono, phazi limodzi akulikoka. Anali iwo, chipewa chili m'manja.

"Amayi ako ndi amene andikakamiza," anatero, maso ali pafani. "Mwendowu. Ndakhala m'basi tsiku lathunthu pochokera kwa achimwene ako, ndiye katumbayu wakungika. Ungofinyako pang'ono."

Ndinasangalala ngati mwana. Ndinasankha tawulo latsopano, n'kuyamba kufunditsa mafuta m'manja. Mumtima ndinkati lero aona, atuluka muno akudumpha masitepe awiriawiri. Iwo anavula nsapato n'kukwinya buluku.

Katumba wakumanzere anali atatupa, khungu likunyezimira, ndipo sokosi inali itasiya mzere wakuya. Ndinakhudza ndi kuseri kwa dzanja. Panali potentha, pamene mwendo winawo unali bwinobwino.

"Munagwa kapena munadzigunda penapake?"

"Ayi."

"Zayamba liti?"

"Dzana, nditangotsika basi."

Mayi amene anatiphunzitsa ntchitoyi ankabwereza chinthu chimodzi mpaka kutitopetsa nacho. Mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kupweteka munthu atakhala nthawi yaitali pa ulendo, usautikite. Mwina magazi aundana mumtsempha, ndipo ukafinya, oundanawo angasunthe n'kukatseka m'mapapo. Ndinatenga tawulo lija n'kupukuta mafuta m'manja mwanga.

"Bambo, sinditikita. Tiyeni kuchipatala."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndakwera masitepe onsewa kuti undibweze? Anthu osawadziwa umawagwira, koma bambo ako ayi." Kenako anatsitsa mawu. "Ngati ndi chifukwa cha zimene ndimanena zija, ingonena."

Apa mpamene panandivuta. Ndikanatha kungowasisita mopepuka mphindi zisanu, iwo n'kupita kwawo atakhutira, n'kukauza amayi kuti mwana uja ali ndi manja abwino. Mawu amenewo ndinali nditawadikira zaka zonsezi, ndipo zala zanga zinkachita kuyabwa. Koma ndinkaopa, ndipo mantha ake anali oti bambo anga angafere pabedi langa.

"Palibe munthu amene ndikufunitsitsa kumutikita kuposa inuyo," ndinatero. "Koma mwendo uwu lero ayi. Kukwiya kwiyani, koma mukwiyire m'galimoto."

"Basi, ndikawauza amayi ako andithowe ndi madzi otentha."

Anawerama kuti avale, koma ndinawatsogolera. Ndinatola nsapato yakumanzere n'kukaima nayo pakhomo.

"Iyi mukailandirira kuchipatala."

Liuma ndinatengera kwa iwo omwe, ndiye anadziwa kuti sizitha. Ndinaitana takisi, ndipo ine ndi dalaivala tinawatsitsa masitepe atatikolowekera m'mapewa. Njira yonse ankangoyang'ana pawindo, n'kumadandaula chapansipansi kuti dalaivalayo sadziwa kusintha magiya.

Kuchipatala anawaunika mwendo ndi makina. Dokotala wake anali mayi wachitsikana woyankhula mofatsa. Anati magazi aundanadi mumtsempha, bambo agonekedwa, ndipo ayamba kulandira mankhwala tsiku lomwelo. Akulemba pakhadi anafunsa, "Pali amene anautikita kapena kuuthowa mwendowu? Ndiuzeni zoona, ambiri amayambira kumeneko."

Bambo anayang'ana zala za phazi lawo.

"Palibe," anatero. "Ndinapita kwa katswiri, koma anakana."

"Anachita bwino kwambiri. Katswiri wake wa kuti?"

"Uyu wanyamula nsapato yangayu. Ndi mwana wanga."

Ndinatuluka kuti ndikaimbire amayi foni, koma ndinayamba ndakhala kaye pabenchi n'kulira.