Kawayilesi Afotokozera Mayi Ake

Pakhomo ankamutcha Kawayilesi, chifukwa akatsegula buku pakamwa pake sipankatsekeka. Ankawerenga mothamanga, osaphonya liwu ndi limodzi lomwe, ndipo mayi ake, omwe anali telala, ankamunyadira pamaso pa makasitomala.

Ndiye mayiwo anadabwa kwambiri tsiku lomwe aphunzitsi anawaitanitsa kusukulu.

"Mayi, mwana wanuyu akapanda kusintha abwereza kalasi," anatero aphunzitsi. "Kutchula mawu amatha, koma ndikamufunsa zomwe wawerengazo amangoti kakasi."

Mayiwo anayang'ana pansi, manyazi atawagwira. "Aphunzitsi, ndisakubisireni, ine sukulu ndinangoinunkhiza. Ndingamuthandize bwanji?"

"Ndiye bwino kwake! Nkhaniyo inu simukuidziwa, choncho ayenera kukufotokozerani. Akawerenga ndime imodzi, atseke buku. Inu mumufunse kuti ndani, watani, chifukwa chiyani."

Mawa lake masana Kawayilesi anakhala pampando wa makasitomala n'kuyamba liwiro lake lija. Mayi ake anaimitsa makina.

"Tseka bukulo. Mtsikana wanenayo watani?"

"Wapita."

"Wapita kuti?"

Mwana anakwinya nkhope, komabe anabwereza ndimeyo pang'onopang'ono. "Wapita kukafunafuna galu wake!"

"Aa, nanga galuyo anasowa bwanji?"

Tsiku ndi tsiku zinkatero. Mawu achilendo Kawayilesi ankawalemba kuseri kwa chitseko ndi choko cholembera nsalu, n'kukafunsa aphunzitsi tanthauzo lake ndi kalembedwe koyenera. Poyamba mayiwo ankafunsa chifukwa anachita kuuzidwa, koma pasanathe milungu iwiri ankafunsa chifukwa nkhani inawakomera. Tsiku lina anasokerera mkono wa malaya mozondotsa, maganizo ali pa galu wosowa, ndipo bambo ake a mwanayo anaseka mpaka misozi.

Pakutha pa chaka Kawayilesi anafika ali wefuwefu, kalata ya zotsatira ili m'manja. Anaiwerenga modekha, kenako anaipinda yekha asanauzidwe.

"Akuti ndakhoza, amayi. Ndipo pansipa aphunzitsi alemba kuti akuthokoza munthu amene amandifunsa mafunso kunyumba. Ndiye kuti akunena inuyo."

Mayiwo anatola kachidutswa ka nsalu n'kupukuta m'maso, mtima uli mbee.

Makolo, kutchula mawu si kumvetsa nkhani. Mwana akawerenga, mufunseni afotokoze m'mawu akeake. Ngakhale kholo losadziwa kuwerenga limatha kufunsa.