Mizere Yobiriwira pa Bwalo la ku Ngabu

Jesinta adatha milungu itatu akuphunzitsa leza, makina oponya mizere ya kuwala, kuvina nyimbo za mlongo wake Gabriel. Gabriel ndiye ankadziwika, poti adali DJ wa maukwati kuyambira ku Nchalo mpaka ku Bangula. Jesinta ankakhala kuseri kwa masipika ndi laputopu, kuonetsetsa kuti kuwala kukugwa pomwe ng'oma yagunda. Nyimbo iliyonse ankaimvetsera kambirimbiri, n'kumaika zizindikiro: apa mizere itambasuke, apa izungulire, apa izime kamphindi. Akatero makina ankatsata okha, bola DJ asasinthe ndondomeko ya nyimbo.

Mpikisano wa ma DJ udachitika Loweruka lina mu Okutobala, pa bwalo la ku Ngabu. Tsikulo kudatentha mpaka zitsulo zinkawotcha m'manja. Leza adaimanga pamwamba pa nsanja ya milimo, ndipo Jesinta adapita pa mlambe wa kumapeto kwa bwalo n'kupakapo mzere wa laimu, pamtunda poti ngakhale munthu wamtali sangafikire ndi mkono. Kuwala kwa leza kukalowa m'diso kumaononga, choncho sikunkayenera kutsika kupitirira mzerewo.

Dzuwa litangolowa, amene adakwera pansanja yoimbira adali Paison wa ku Nchalo, ndipo wotsatira adali Gabriel, womaliza. Paison adalibe leza, koma anthu ankawadziwa pokoma. Atafika pa nyimbo yake yotsekera, Jesinta adaizindikira nthawi yomweyo. Idali nyimbo yomweyo imene iwo adasungira kumapeto, imene idamudyera masiku asanu ndi limodzi.

Gabriel adabwera kuseri kwa masipika, mahedifoni ali m'khosi.

"Waimva?"

"Ndaimva, achimwene."

"Sindingaibwereze. Anthu anena kuti ndakopera. Nditsekera ija ya valimba ndidakajambula ku Makhuwira."

"Ijayo sindidaikonzere kalikonse. Ndangoimvapo kawiri."

"Uitsate ndi manja. Makutu uli nawo."

Sadadikire yankho, chifukwa wolengeza adali atatchula kale dzina lake.

Nyimbo zitatu zoyamba zidayenda monga adazikonzera. Makina a utsi adalavula, ndipo popeza kudalibe mphepo, utsiwo udangoyandama pamwamba pa mitu. Mizere yobiriwira idaudula, idapindika, idathothoka ngati mvula. Anthu ambiri kadali koyamba kuona zotere. Akabaza adaimika njinga zawo kumapeto kwa bwalo n'kukwera pa makaliyala kuti aone bwino. Masipika ankagunda mpaka tebulo la Jesinta linkanjenjemera.

Kenaka valimba, choimbira cha timatabwa cha Asena, idayamba. Jesinta adachotsa makina pa kudziyendetsa okha, nayika zala pa mabatani. Poyamba adachedwa, kuwala kunkafika ng'oma itadutsa kale, ngati munthu wovina ataledzera. Adaluma mlomo, nasiya kuyang'ana laputopu, n'kuyamba kuwerenga ndi phazi. Valimba imabwerera pamalo amodzi ikazungulira, ndipo atapeza pobwererapo, zala zidayamba kufika nthawi yake. Khamu lidaizindikira nyimbo ya kwawo. Amayi ena adayamba nthungululu.

Adakweza maso kuti aone mmene mizere ikugwera pa mlambe. Mzere wa laimu uja sudali pansi pa kuwala. Udali pamwamba.

Adaganiza kuti mwina utsi ukumunamiza. Adayang'ananso, ndipo ng'oma itagunda adaona kadontho kobiriwira kakutsika pang'ono pa thunthu la mtengo. Itagundanso, kadatsikanso. Adatembenukira kumwamba kwa nsanja. Mutu wa leza udali utawerama. Kugwedeza kwa masipika kudamasula bawuti.

Adayesa kukweza mizere kudzera pa laputopu, koma idali itafika kale pothera. Pafupi ndi mlambe, mkulu wina adali atanyamula kamwana kakakazi paphewa, ndipo kankatambasula manja kufuna kugwira kuwalako. Akabaza aja mitu yawo idali pamwamba kuposa onse.

"Achimwene," adaitana, koma Gabriel adali m'mahedifoni, maso ali pa makina ake.

Ng'oma zidayamba kuchepa. Jesinta adakumbukira kuti apa nyimbo imatsala ndi valimba yokha, kenaka zonse zimaphulika pamodzi. Pamenepo ndiye pomwe Gabriel ankayembekeza kuti mizere yonse itambasuke kudzaza bwalo. Jesinta adaika chikhatho pa batani lofiira, nalidinikiza.

Kumwamba kudada. Khamu lidang'ung'udza, ena adayamba kuimba miluzi.

"Ninji pontho?" mwamuna wina wa kutsogolo adafunsa m'Chisena, kudabwa kuti chavutanso n'chiyani. "Bwezani magetsiwo."

Gabriel adacheuka, nkhope ili gwa. Jesinta adaloza m'maso mwake, nalozanso kumwamba, kenaka adatola sipanala m'bokosi, naisomeka m'chiuno. Adavula nsapato n'kuyamba kukwera.

Milimo inkagwedera. Ali pakati, adazindikira kuti ng'oma sizidaphulike. Gabriel adali atagwira nyimbo pamalo amodzi, kachigawo ka valimba kaja kakungobwerezabwereza. Ankamudikira. Koma anthu sankadziwa zimenezo. Miluzi idakula, ndipo botolo lapulasitiki lidamenya nsanja pafupi ndi phazi lake.

Atafika pamwamba, adakola mwendo pa mtanda, nagwira mutu wa leza kuti audzutse. Chitsulocho chidamuwotcha, koma sadasiye. Adaukankha ndi phewa mpaka udayang'ana pamwamba pa mlambe, n'kulowetsa sipanala. Idaterereka ndi thukuta. Adapukuta dzanja pa malaya, nayesanso, ndipo bawuti idayamba kulimba. Adaimanga mpaka idakana kutembenukanso. Pansi, wolengeza adali ataima pambali pa Gabriel akumuonetsa wotchi.

Potsika adalumpha mitanda iwiri yomaliza, nagwera pa bondo. Adafika pa tebulo akutsimphina, namasula batani lofiira, n'kuyatsa mzere umodzi wokha wofooka. Udagwa pamwamba pa laimu, patali ndithu. Adayang'ana mlongo wake n'kugwedeza mutu.

Gabriel adamasula nyimbo. Ng'oma zidaphulika, ndipo zala zonse za Jesinta zidagwa nthawi yomweyo. Bwalo lidadzaza mizere, fumbi lidakwera kuchokera kumapazi a anthu kukakumana ndi utsi. Mpaka nyimbo kutha, Jesinta ankadinikiza mabatani diso limodzi lili pa mlambe. Kadontho sikadasunthe.

Oweruza adapereka chikho kwa Paison. Adati Gabriel adaimitsa anthu nthawi yaitali mumdima, komanso adapyola nthawi yake.

Pomasula zipangizo, Gabriel ankakulunga nthambo mwaukali, n'kumaziponya m'galimoto yomwe adabwereka. Jesinta adakhala pa bokosi la sipika, dzanja lowauka lija ataliviika m'kapu ya madzi. Patapita nthawi Gabriel adabwera n'kuima patsogolo pake.

"Sukadadikira nyimbo ithe? Padangotsala mphindi ziwiri."

"Ayi."

"Idatsika kufika pati?"

Jesinta adaimirira, nakweza dzanja lake lonyowa pang'ono chabe pamwamba pa mutu wa mlongo wake.

"Apa. Ndipo inkatsikabe. Kumapeto kuja anthu adali pa njinga, wina ali ndi mwana paphewa."

Gabriel adayang'ana dzanjalo, naona matuza atayamba kutuluka m'chikhatho. Adatembenukira kumapeto kwa bwalo kumene anthu ankabalalika, akabaza akuitanira okwera.

"Bawuti ija ndidamanga ndine," adatero motsitsa mawu. "Ndidaona ngati yalimba."

Jesinta adabwezera dzanja m'madzi.

"Lolemba tipite kwa owotcherera atipangire nsanja yachitsulo," Gabriel adapitiriza. "Masipika aziima paokha, leza payokha. Usanyamule kanthu, kakhale kutsogolo. Tidzera ku chipatala akalione dzanjalo."

Adanyamula yekha zotsalazo, kuphatikizapo tebulo la Jesinta ndi nsapato zake zomwe zidali zikadali pansi pa nsanja.