Ulusi Wakuda

Amuna anga atadwala sitiroko, dzanja lawo lamanzere linangoti lende. Anali atasoka nsapato zaka makumi atatu m'kachipinda kapakona, koma achimwene anga sanachedwe kubwera ndi nzeru zawo.

"Kusoka ndi dzanja limodzi? N'zosatheka, alamu. Pumulani, malowa alowemo wina."

Achimwenewa chibadwire sanakhomepo ndi msomali womwe, koma akangopisa manja m'thumba, chilichonse chimasanduka chosatheka. Ine zinandipsetsa mtima.

Amuna anga anayankha lilime likulemera: "Woyenera kunena mawu amenewo ndi munthu amene wayesa mpaka thukuta. Ndipatseni sabata imodzi. Ndikalephera ndidzawanena ndekha."

Vuto linali chogwirira nsapato pamene dzanja lamanja likubaya. Nditati ndiziwagwirira, anakana, ati safuna kusanduka khanda. Anayesa kupana ndi mawondo, nsapato n'kumapulumuka. Lachitatu anadzibaya pantchafu. Ndinakalirira kuseri kwa chitseko, poopa kuti achimwene ananena zoona.

Lachinayi amuna anga anandituma kwa wokonza njinga kukapempha waya wa buleki ndi pedulo yakutha. Nditabwera nazo, anazilumikiza okha ku timatabwa tiwiri pabenchi. Akaponda pansi, timatabwato timaluma nsapato. Akachotsa phazi, timaisiya.

Loweruka kunabwera namwino wina, kasitomala wathu wakale wosabisa mawu, nsapato yake itayasamula kutsogolo. Achimwene anali pomwepo, kudikira makiyi a kachipindako. Ntchito ya mphindi khumi inatenga ola lathunthu, koma inatha.

Namwinoyo anaikoka uku ndi uku, anaivala, n'kuponda mwamphamvu. Sinagwedezeke. Kenaka anawerama, nkhope n'kuchita tsinya.

"Bambo inu, ndinati ulusi wakuda. Uwu ndi wabulawuni. Ndikalowa nayo bwanji muwodi?"

Ndinatsala pang'ono kumulalatira kuti kodi alibe maso. Koma nditacheuka, ndinapeza amuna anga akuseka, misozi ili mbwee. Miyezi isanu yonse aliyense ankawayankhula ngati dzira. Lero munthu wawakalipira chifukwa cha ntchito yawo.

"Mwalakwiridwadi, mayi," anatero. "Vulani." Kenaka anayang'ana achimwene. "Alamu, tasunthani pang'ono, mukunditchingira kuwala."

Anaponda pedulo, natenga mpeni, n'kuyamba kudula ulusi wonse uja kuti asokenso.