Nambala Yobwerera Pomwe Yayambira

Kukwatiwa ndi mphunzitsi wa masamu kumafuna mtima wautali. Amuna anga angakuuzeni ngati nambala ya galimoto yodutsa ikugawika ndi 7, koma mukawatuma sopo amabwera ndi machesi.

M'mawa wa ukwati wa mwana wathu wamkazi, mphete zinali m'kabokosi kachitsulo kotsegula ndi manambala, kamene iwo anakhomerera m'kabati ya zovala. Mwana atavala kale, galimoto ikulira panja, ndinawapeza atagwada m'kabatimo thukuta lili kamukamu.

"Nambala yandithawa," anatero. "Ndalakwitsa kawiri. Ndikalakwitsanso kadzitseka mpaka mawa."

"Simunailembe penapake?"

"Nambala yokongola chotere salemba, mayi a mwana. Makhalidwe ake onse ndikuwadziwa."

Ndinamva kutentha m'makutu. Mwana wanga akalowe m'banja chimanjamanja chifukwa cha makhalidwe a nambala!

"Tanenani makhalidwewo."

Nkhope yawo inawala ngati afika m'kalasi. "Ili ndi manambala asanu ndi imodzi. Imagawika ndi 8, imagawika ndi 3, imagawikanso ndi 11. Mukatero pamatsala 1103, ndipo ameneyo ndi wouma mutu, sagawika ndi china chilichonse."

"Ndiye chulukitsani zimenezo!"

"Ndachulukitsa kawiri konse, koma mayankho akusiyana." Anapukuta magalasi ndi tayi. "Chokoma chake n'chakuti mukaiwerenga kuchokera kumapeto imakhala yomweyo. Pakati pali 11."

Apo ndinazindikira. Pakati 11, mwezi wa Novembala. Ndinawakankhira pambali, ndi kudina 291192. Kabokosi kanati tswee, kutseguka.

"Mwadziwa bwanji?"

"Ndi tsiku limene munandikwatira, bambo inu, pa 29 Novembala 1992. Tsiku lomwe mumaliiwala chaka chilichonse."

Mwana analowa, natenga mphete, natuluka akukoka chovala chake osatiyang'ana n'komwe. Ine ndinatsala chiimire, chifukwa ndinali nditakumbukira china. Makolo anga ankafuna ukwati wathu udikire chaka chinacho, koma amuna angawa anakana kwamtuwagalu, akuti tsiku ndi limenelo basi. Zaka zonsezi ndakhala ndikudzitama kwa anzanga kuti ankalephera kupirira chifukwa cha chikondi.

"Kani munkathamangira nambala, osati ine?"

Anayang'ana nsapato zawo. Zinandipweteka, sindinama.

"Nambala ndinaipeza ndili pasukulu," anatero pang'onopang'ono. "Ndinkangoopa kuti tsikulo lidzafika ndilibe woyenera kulipatsa. Zikanakhala kuti zaka zathuzi zimawerengedwanso kuchokera kumapeto, ndikanafikanso pa inu nomwe."

Ndinawakonza tayi, ndi kuikoka pang'ono kuposa muyeso.

"Tiyeni, mwana akudikira. Koma Novembala akubwerayu mukadzaiwalanso, ndidzakugawani ndi 8, ndi 3, ndi 11."

"Padzatsala wouma mutu," anatero, akundigwira dzanja.