Jekete la Mkono Umodzi

Kumpingo ankawatcha Achikwama, chifukwa mayi wamasiyeyo sankayenda opanda chikwama chawo chachikulu chakuda. Tsiku losankha zovala zopita kwa osowa, amayi a chigwirizano ankayala matebulo atatu muholo ya tchalitchi: la zabwino, la zofunika kusoka, ndi la zotheratu. Tebulo lachitatulo linali la Achikwama. Ntchito yawo inali kuthothola mabatani, kuwaponya m'chitini, n'kudula chovalacho kuti chikhale zigamba zokolopera.

Ankagwira ntchitoyo akung'ung'udza nyimbo ya Mulungu, maso ali kwa anzawo. Anatola jekete lotuwa, sizasi n'kulowa paphewa, mkono n'kugwa pansi. Potembenuza kuti adule mkono winawo, anaona thumba lam'kati losokedwa ndi ulusi wobiriwira. Nyimbo inathera pakhosi.

Ulusi umenewo anasoka ndi iwo eni. Jeketelo linali la malemu amuna awo, lomwe ankavala poimirira pakhomo la tchalitchi kulandira anthu. Linkakhala kuseri kwa chitseko cha chipinda chawo, kunyumba kwa mwana wawo wamwamuna, komwe ankakhala chimwalirireni bambowo.

"Labwera ndi ndani ili?"

Mpongozi wawo, amene ankapinda malaya patebulo loyamba, anayandikira akumwetulira mwamanyazi.

"Ndine, Amayi. Ndimakonza m'chipinda mwanu dzulo. Njenjete zalidya kale kumsanaku, taonani."

"Njenjetezo zinakudandaulirani kuti zakhuta?"

Wina anaseka, n'kudzitseka pakamwa msanga.

"Amayi, musanditenge molakwika. Munthu amafunika kupepukidwa. Ngakhale mtengo umayoyola masamba kuti uphuke ena. Njoka nayo imafundula khungu lakale."

"Njoka imafundula yokha, mwana wanga, nthawi yake ikakwana. Munamvapo kuti mnansi wake wabwera kudzaisenda ili kumsika? Ndipo pa zolengedwa zonse za Mulungu, mwasankha njoka kuti ndiyo indiphunzitse ine?"

Mayi busa anafika akupukuta manja. "Achikwama, mtima pansi. Paja chuma chathu chenicheni sichili pansi pano."

"Ndikudziwa, Mayi. Amuna anga ali kwa Atate, sali m'jekete. Koma kodi wondipukuta misozi ndi ndani, Ambuye kapena apongozi angawa ndi tsache lawo? Ndikanalipereka ndekha, ndi manja awiri, ndi pemphero pamwamba. Akanangondifunsa. Pakamwa ali napo, amaimba nafe bwinobwino Lamulungu lililonse."

Anawerama n'kutola mkono uja.

"Chikundiwawa n'chakuti mwandidulitsa ndekha. Dzanja langa lomwe! Mkono uwu ndi umene ndinkaugwira potsika masitepe apanjawo. Mumafuna mawa ndigwade ndikolope nawo pansi, anthu apondepo ndi matope?"

Mpongoziyo anagwetsa nkhope. "Sindinaganize kuti lifika patebulo panu."

"Ndiye likanafika pa tebulo la wina zikanakhala bwino? Kuba kwabwino ndi kosagwidwa?"

"Pepani, Amayi."

Achikwama anamuyang'ana. Sanali mwana woipa ayi. Ndi yemweyu amene ankawathira madzi otentha m'beseni miyendo ikatupa. Koma anthu ena ukhondo umawalowa m'mutu, moti akaona chinthu chakale manja amawayabwa. Lero ndi jekete. Mawa adzayang'ana nkhalamba yakhala pampando, n'kuona kuti nayonso njenjete zaiyamba.

Anavala jeketelo pamwamba pa bulauzi yoyera ya chigwirizano. Linawafika m'mawondo, dzanja limodzi lili pamtunda. Palibe anaseka.

"Amayi, muyenda choncho mumsewu? Anthu adzati chiyani?"

"Adzafunsa, ndipo ndidzawauza. Kukhululuka ndakukhululukirani, pakuti inenso ndimakhululukidwa tsiku ndi tsiku. Koma kiyi wa chipinda changa mundipatse."

"Panopa?"

"Panopa, pamaso pa Mayi busa."

Mpongoziyo anapisa m'thumba, navutika kuchotsa kiyiyo pa mphete ya makiyi. Achikwama anadikira osaphethira, dzanja lili chitambasulire. Atamulandira anamufumbata pamodzi ndi mkono wa jekete uja.

"Chipinda changa ndizisesa ndekha," anatero, natuluka.